Wolimbitsa masipuling'i a lole asaiwale mashoko

Nyengo yokolola ikafika, misewu ya ku Dowa ndi ku Ntchisi imadzaza ndi malole. Ena amatuta soya, mtedza ndi chimanga m'midzi kupita nazo ku Mponela, ku Madisi ndi ku Lilongwe, pamene ena amanyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo. Wamalonda amene wapachika sikelo yake pamtengo kuseri kwa phiri amadziwa kuti phindu lake lili m'matumba, koma matumbawo sasanduka ndalama mpaka lole itawafikitsa kumsika.

N'chifukwa chake nyengoyi isanayambe, eni malole ambiri amapita kwa makaniko kukawonjezera zitsulo pa masipuling'i. Kumbuyo amawonjezera kuti lole isamakhale pansi ikasenza katundu. Kutsogolo amawonjezera chifukwa mphuno ya lole yagwa, kapena imagunda ikalowa m'dzenje. Ntchito ikatha lole imaima mooneka bwino, mwini n'kulipira, ulendo n'kuyambika. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi mashoko. Amasiyidwa akale omwe aja, pamene sipuling'i imene akugwira nayo ntchito yasintha msinkhu ndi mphamvu zomwe.

Phunziro la sabata ino ndi la eni malole ndi madalaivala awo, komanso la amalonda amene amahaya lole kapena kukwera pamwamba pa katundu wawo. Mfundo yake ndi imodzi: sipuling'i yakutsogolo ikasinthidwa, shoko iyenera kuyezedwa mwatsopano, kutalika kwake ndi mphamvu yake.

Ntchito ya sipuling'i ndi ntchito ya shoko

Anthu ambiri amaganiza kuti shoko imathandiza kunyamula katundu. Si choncho. Chimene chimanyamula lole ndi katundu wake ndi sipuling'i, mulu uja wa zitsulo zazitali zosanjikizana pakati pa ekiselo ndi chasisi. Tayala likagunda mwala, sipuling'i imapindika, ndipo mphamvu imene yaipinda imasungidwa m'zitsulozo monga momwe legeni imasungira mphamvu mwana akaikoka. Kenaka imabweza mphamvuyo, ndipo popanda choiletsa, lole imadumpha kangapo konse isanakhazikike.

Choletsacho ndiye shoko. M'kati mwake muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono. Shoko ikamatambasuka kapena kufinyika, oyilo amakakamizidwa kudutsa m'timabowoto, ndipo mphamvu ya kudumpha ija imasanduka kutentha. Aliyense amene adayesapo kupopa pampu ya njinga atatseka kukamwa kwake ndi chala adamva kukana kofananako. Pa mashoko ambiri kukanako kumakhala kwakukulu potambasuka kusiyana ndi pofinyika, chifukwa ntchito yaikulu ndi kugwira sipuling'i pamene ikubwerera.

Zitsulo za sipuling'i zimakhulananso zokhazokha, ndipo kukhulanako kumachepetsako kudumpha pang'ono. Ndiye chifukwa chake lole ya mashoko akufa imathabe kuyenda miyezi, mwini osazindikira kanthu. Koma kukhulanako sikungalowe m'malo mwa shoko. Malole ena atsopano ali ndi masipuling'i a zitsulo ziwiri kapena zitatu zokha, zonenepa pakati ndi zopyapyala kumapeto, zotchedwa parabolic. Amenewa sakhulana kwenikweni, choncho amadalira shoko kotheratu.

Chimene chimasintha zitsulo zikawonjezedwa

Pa malole odziwika kuno monga Mitsubishi Canter, Fuso Fighter, Isuzu Forward ndi Hino Ranger, ambiri ali ndi ekiselo yakutsogolo yomangidwa kunsi kwa sipuling'i. Makaniko akalowetsa zitsulo zina mu muluwo, zinthu ziwiri zimasintha nthawi imodzi.

Choyamba ndi msinkhu. Mulu wanenepa, komanso sukupindika kwambiri monga kale, choncho chasisi imakwera n'kutalikirana ndi ekiselo. Shoko imene ili pakati pa ziwirizi imakhala yokokedwa kale lole ili chiimire. Tayala likagwera m'dzenje, shoko imatambasuka mpaka kumapeto kwake sipuling'i isanamalize ulendo wake. Pamenepo shoko imasanduka chingwe chonyamula ekiselo ndi matayala ake. Dalaivala amamva kugunda pansi pa mapazi ake, mabushi amaphwanyika, oyilo amayamba kutuluka, ndipo tsiku lina chitsulo chogwira shoko pa chasisi chimang'aluka.

Chachiwiri ndi mphamvu. Sipuling'i yolimba imabwerera mwaukali komanso mofulumira kuposa yofewa. Shoko imene fakitale idaikonzera sipuling'i yofewa imakhala ngati chingwe cha mbuzi chimene chamangidwa pa nkhunzi ya ng'ombe. Mphuno ya lole imalumpha, ndipo pa kamphindi kalikonse kamene tayala lapepukidwa kapena lachoka pansi, chiwongolero ndi buleki sizimveka.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu kumapiri

Pamsewu wosalala wa m'chigwa, lole yotere imatha kuyenda popanda ngozi kwa nthawi yaitali. Dowa ndi Ntchisi ndi kwina. Msewu wa M14 wochokera ku Lilongwe ukadutsa pa Chezi ndi pa Mvera umatsetsereka mokhotakhota kupita ku Salima. Kuzungulira boma la Dowa ndi phiri la Ntchisi kuli zitunda ndi mitsetse yosatha, ndipo misewu ya fumbi yolowa m'midzi, kumene mbewu zimagulidwa motsika mtengo, imakhala ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula, miyala, ndi timizere topingasa timene timanjenjemeretsa galimoto.

Pamtsetse, kulemera kwa lole kumathamangira kutsogolo, ndipo dalaivala akaponda buleki kumawonjezekanso. Matayala awiri akutsogolo ndiwo amene akukhotetsa lole yonse, ndipo nthawi yomweyo akuthandiza kuiimitsa. Ngati akudumphadumpha pa timizere tija, lole imapita molunjika pamene dalaivala akufuna kukhota, ndipo mtunda woimira umatalika. Palinso nkhani ya kutentha. Pamsewu wa mabampu shoko imagwira ntchito mosapuma, oyilo amatentha n'kupyapyala, nthawi zina n'kuchita thovu. Shoko yaing'ono imene ikulimbana ndi sipuling'i yaikulu imafooka ulendo uli pakati, pamene ikufunika kwambiri.

Ngakhale ngozi isachitike, thumba limamva. Tayala lodumphadumpha limatha mwa zigambazigamba, pena lakumbika pena lili bwino, ndipo limatayidwa nthawi yake isanakwane. Wonyamula tomato, mazira kapena mabotolo amapeza katundu wophwanyika. Lole ikafera pakati pa Ntchisi ndi Malomo ndi matumba a soya, mwini katundu amagona pamsewu kulondera, amalipira lole ina, amalipiranso anyamata otsitsa ndi okweza, ndipo mtengo umene amathamangira kumsika umatha kugwa iye asanafike.

Kuyeza kutalika

Shoko iliyonse ili ndi miyezo iwiri: kutalika kwake ikafinyika kotheratu, ndi kutalika kwake ikatambasuka kotheratu. Pa shoko ya mabowo mbali zonse ziwiri, muyezo umatengedwa kuchokera pakati pa bowo lapamwamba kufika pakati pa bowo lapansi. Lamulo lake ndi losavuta. Shoko isathe kufinyika ekiselo isanagunde labala yokhuthala ija yomangidwa pa chasisi pamwamba pa sipuling'i, imene amakaniko amaitcha bump stop. Komanso isathe kutambasuka sipuling'i isanamalize kutsika.

Chofunika ndi tepi yoyezera, jeki, zochirikiza zolimba, ndi malo osalala. Miyezo ndi itatu, ndipo yonse imatengedwa zitsulo zatsopano zitamangidwa kale.

Muyezo woyamba: lole itaima pa matayala ake, shoko itachotsedwa, makaniko ayeze mtunda wa pakati pa pomangira shoko pamwamba ndi pomangira pansi.

Muyezo wachiwiri: chasisi ikwezedwe ndi jeki mpaka matayala akutsogolo atalendewera, ichirikizidwe bwino, ndipo mtunda womwe uja uyezedwenso. Uwu ndiwo mtunda wautali kwambiri umene shoko idzakumane nawo. Jeki iikidwe pa chasisi, chifukwa ikaikidwa pa ekiselo sipuling'i sitsika. Munthu asalowe pansi pa lole imene yagwidwa ndi jeki yokha, ndipo matayala akumbuyo apingidwe ndi miyala kapena mitengo.

Muyezo wachitatu: lole itabwerera pansi, ayeze mpata wotsala pakati pa labala ija ndi pamene imagunda. Mpatawo auchotse pa muyezo woyamba, achotsenso masentimita ena awiri chifukwa labalayo imafinyika ikagundidwa mwamphamvu. Chotsalacho ndiwo mtunda waufupi kwambiri.

Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Lole ili ndi shoko ya masentimita 35 ikafinyika ndi 56 ikatambasuka. Isanasinthidwe, mtunda wa pomangira unali 45 lole ili chiimire, ndi 55 matayala atalendewera. Zonse zinali bwino. Makaniko wawonjezera zitsulo ziwiri, ndipo tsopano lole ikaima mtundawo ndi 50, matayala akalendewera ndi 58. Shoko yakale ikuthera pa 56, kutanthauza kuti yaperewera ndi masentimita awiri, ndipo pa dzenje lililonse lakuya ndiyo ikunyamula ekiselo. Mpata wa pa labala wapezeka kuti ndi 9. Kuchotsa 9 pa 50, kenaka kuchotsanso 2, kukutsala 39. Choncho shoko yoyenera lole imeneyi ikhale yosapitirira 38 ikafinyika, ndiponso yosachepera 59 ikatambasuka. Shoko ya 37 ndi 60 ikukwanira bwino.

Wina angaganize kuti kugula shoko yaitali kwambiri ndiye kuthana ndi vuto. Koma shoko yaitali potambasuka imakhalanso yaitali pofinyika. Mu chitsanzo chija, shoko ya 42 ndi 70 ingathe kufinyika ekiselo isanafike pa labala, ndipo kulemera konse kwa mphuno ya lole kungagwere pa shokoyo ndi pomangira pake. Izi zimapinda ndodo ya shoko kapena kuthyola chitsulo choigwira. Ngati shoko yamangidwa mopendekeka kwambiri, masamu a muyezo wachitatu amasiyanako pang'ono, choncho ndi bwino kusiya mpata wokulirapo.

Kusankha mphamvu

Kutalika kumaoneka ndi tepi, koma mphamvu ya shoko sioneka ndi maso, ndipo kawirikawiri silembedwa pa katoni. Komabe pali njira zothandiza.

Choyamba ndi kudziwa kuti sipuling'i yalimba motani. Ngati mulu unali wa zitsulo 6 ndipo zawonjezedwa ziwiri zofanana nazo m'lifupi ndi kunenepa, sipuling'i yalimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Masamu a akatswiri opanga magalimoto amasonyeza kuti mphamvu ya shoko sikwera mofanana ndi ya sipuling'i. Sipuling'i ikalimba ndi gawo limodzi mwa atatu, shoko imafunika kulimba ndi pafupifupi 15 peresenti. Ngakhale sipuling'i italimba kawiri, shoko ingafunike kulimba ndi pafupifupi 40 peresenti yokha. Tanthauzo lake n'lakuti chofunika ndi shoko yokulirapo sitepe imodzi. Kutenga shoko ya chilole cha matani 30 n'kuiika pa Canter n'kulakwitsa kwa mbali inayo: lole imauma, ikakhala yopanda katundu imanjanja pa timizere tija, dalaivala amatopa msana, ndipo zitsulo zogwira shoko zimang'aluka.

Njira yodalirika ndiyo kutsata zimene fakitale idachita kale. Mtundu umodzi wa lole umatuluka m'misinkhu ingapo, ina yonyamula matani ochepa ina ochuluka, ndipo uliwonse uli ndi sipuling'i ndi shoko zimene zidakonzedwera limodzi. Mwini lole amene akufuna mphuno yolimba amachita bwino kugula sipuling'i yathunthu ya msinkhu wotsatira pamodzi ndi shoko yake, kusiyana ndi kusakaniza zitsulo zotola apa ndi apo. Ngati zitsulo zawonjezedwa kale, shoko ya msinkhu wotsatirawo ndiyo yoyamba kuiyeza ndi tepi.

Kunenepa kwa shoko nakonso n'chizindikiro. Shoko yonenepa imakhala ndi pisitoni yaikulu ndi oyilo wambiri, choncho imachedwa kutentha. Pamisewu ya fumbi ya kumapiri, ichi n'chofunika kwambiri. Koma makaniko aonetsetse kuti shoko yonenepayo sikukhudza tayala, paipi ya buleki kapena ndodo ya chiwongolero pamene chiwongolero chakhotetsedwa mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri.

Pali mashoko a oyilo yekha ndi ena okhala ndi gasi. A gasi amatambasuka okha akamasulidwa, ndipo ogulitsa ena amaonetsa zimenezi ngati umboni wakuti ndi amphamvu. Ntchito ya gasiyo ndi kuletsa oyilo kuchita thovu akatentha, ndipo pamsewu wa mabampu zimenezi n'zothandiza. Kunyamula lole si ntchito yake.

Pogula

Amene amagula zipangizo ku Lilongwe, monga ku Biwi ndi ku Malangalanga, amadziwa kuti funso loyamba la wogulitsa limakhala mtundu wa lole kapena nambala ya chasisi. Pa lole imene sipuling'i yake yasinthidwa, nambalayo imangobweretsa shoko yofanana ndi yakale ija. Wogula apite ndi shoko yakale m'manja, tepi m'thumba, ndi pepala lolembedwa manambala awiri aja. Makampani opanga mashoko monga KYB, Monroe ndi Gabriel amasindikiza mabuku osonyeza kutalika kwa shoko iliyonse pofinyika ndi potambasuka, komanso mtundu wa pomangira pake, ndipo shopu yodalirika imatha kufufuza m'menemo.

Pomangira pamakhala pa mitundu iwiri: bowo lozungulira lokhala ndi bushi, kapena ndodo ya mazinga yomangidwa ndi nati. Mtundu, kukula kwa bowo ndi m'lifupi mwake ziyenera kufanana ndi za lole. Kusema bushi kapena kulowetsa bawuti yaing'ono m'bowo lalikulu kumabweretsa kugogoda pasanathe sabata.

Asanalipire, wogula aimike shokoyo chilili, aikoke ndi kuikankha kangapo. Iyenera kukana mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda malo amene ikungodutsa mopepuka. Ndodo yake ikhale yosalala, yopanda dzimbiri kapena mikwingwirima. Mashoko awiriwo akhale a mtundu umodzi ndi nambala imodzi, ndipo akane mofanana.

Zipangizo za malole zimachokera kunja, ndipo mitengo yake idakwera kwambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ichi n'chimene chimakokera ambiri ku mashoko ogwirapo kale ntchito, ochotsedwa pa magalimoto ophwasulidwa. Alipo abwino, koma shoko yakufa ikatsukidwa ndi kupakidwa penti imaoneka ngati yamoyo. Pamsika pamapezekanso zachinyengo zolembedwa mayina a makampani otchuka. Wogula afunse mitengo m'mashopu atatu, akayikire chimene chatsika mtengo mopitirira, apemphe lisiti, ndipo agwirizane ndi wogulitsa zobweza ngati miyezo siikwana. Powerengera ndalama, ayerekeze mtengo wa mashoko awiri ndi mtengo wa matayala awiri akutsogolo amene angathe msanga, kuphatikizapo tsiku limodzi la lole yosagwira ntchito pakati pa nyengo yogula mbewu.

Pomanga

Mashoko amasinthidwa awiri nthawi imodzi, kumanzere ndi kumanja. Chimodzimodzinso masipuling'i: zitsulo zowonjezedwa zikhale zofanana mbali zonse, apo ayi lole imapendekeka ndi kukokera mbali imodzi poponda buleki. Mabushi akhale atsopano, ndipo manati a shoko amalizidwe kumangidwa lole itaima pa matayala ake. Akamangidwa matayala ali m'malere, labala imapotoka lole ikatsika ndipo imang'ambika msanga.

Mulu wa zitsulo ukanenepa, bawuti yapakati yogwira zitsulozo ndi ma U-bolt omanga sipuling'i ku ekiselo amafunika aatali, ndipo akhale atsopano. Nati imene yangogwira mazinga awiri okha ndi ngozi yodikira tsiku. Ma U-bolt amangidwenso pakatha ulendo woyamba kapena wachiwiri wa katundu, chifukwa zitsulo zatsopano zimakhazikika n'kusiya mpata. Chitsulo cha sipuling'i sichiwotcheredwa ndipo sichitenthedwa pamoto kuti chipindike, chifukwa moto umachotsa kulimba kwake.

Popeza chasisi yakwera, pali zinthu zina zitatu zofunika kuziona matayala ali chilendewere. Paipi ya labala ya buleki isakokeke, chifukwa ikaduka pamtsetse palibe chopulumutsa. Ndodo yochokera ku bokosi la chiwongolero kupita ku tayala yasintha kapendekedwe, choncho lole ipite kukayezetsa matayala kuti aime molunjika. Nyali zakutsogolo nazo zimakhala zitaloza m'mwamba, ndipo zimathobwa madalaivala obwera kutsogolo usiku.

Kuyesa pamsewu

Galimoto yaing'ono imayesedwa poikankha ndi manja pakona, koma lole siyesedwa motero. Dalaivala ayende nayo pang'onopang'ono pa bampu imodzi: mphuno ikwere, itsike, ikhazikike. Ikapitiriza kugwedezeka kawiri kapena katatu, shoko ndi yofooka. Pakamveka kugunda tayala likamagwera m'dzenje, shoko ndi yaifupi. Pakamveka kugunda tayala likamakwera chitunda lole ili ndi katundu, mwina shoko ndi yaitali kapena labala ija idachoka. Kuyesaku kuchitike kawiri, lole ili yopanda kanthu komanso itasenza.

Njira ina yosalira ndalama ndi ya kutentha. Lole ikayenda makilomita angapo pamsewu wa mabampu, dalaivala aime ndi kuyandikitsa dzanja mosamala pa thupi la shoko iliyonse. Shoko yogwira ntchito imakhala yofunda kuposa chasisi. Ikakhala yozizira pamene inzake yafunda, yozizirayo yafa. Kachinyezi kochepa ka oyilo kogwira fumbi pamwamba pa shoko si vuto, koma oyilo woyenderera mpaka pansi ndi chizindikiro chakuti yatha.

Chimene sipuling'i yolimba singachite

Kuwonjezera zitsulo sikusandutsa lole ya matani atatu kukhala ya matani asanu. Ekiselo, mabering'i, matayala, mabuleki ndi chasisi zimakhala zomwe zija. Malire a kulemera amalembedwa pa kachitsulo ka fakitale kokhomedwa pa lole, ndipo malole ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi chizindikiro kumbuyo cholembedwa m'Chijapani, koma manambala ake ndi owerengeka, monga 2000 kg kapena 3000 kg. Tayala lililonse nalo lili ndi malire ake olembedwa m'mbali mwake. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi, choncho lole ya matani atatu ndi ya matumba 60, ndipo anthu okwera pamwamba nawonso ndi kulemera.

Kuopsa kwa sipuling'i yolimbitsidwa n'kwakuti imabisa kulemera. Kale lole ikasenza mopitirira inkakhala pansi, aliyense n'kuona. Tsopano imaima bwinobwino ndi matumba 90, koma mabuleki ake akadali a matumba 60, ndipo mtsetse wa ku Mvera sudziwa kuti sipuling'i ndi yatsopano. Apolisi apamsewu, a Road Traffic ndi masikelo oyezera malole amatsata malire a m'mapepala a galimoto, osati kuchuluka kwa zitsulo.

Ndi bwinonso kufunsa kaye chimene chagwetsa mphuno ya lole. Pa malole a mphuno yaphwatalala, injini ndi kabu zimakhala kale pamwamba pa ekiselo yakutsogolo. Matumba olemera akaunjikidwa kuseri kwa kabu, kutsogolo kumalemedwa mopitirira, pamene kuwayala mofanana m'bodi yonse kukadathetsa vutolo kwaulere. Nthawi zina chavuta ndi chitsulo chimodzi chothyoka, mabushi otha, kapena sipuling'i yotopa imene ikungofunika ina yofanana nayo. Zikatero, mashoko a muyezo wa fakitale amakwanira ndipo palibe chofunika kuyezanso.

Kwa wohaya lole

Wamalonda amene alibe lole yake ali ndi mphindi zochepa zoti aone galimoto asanakweze katundu, koma mphindizo n'zokwanira. Asuzumire kuseri kwa tayala lakutsogolo mbali zonse ziwiri ndi kuona ngati shoko ilipo n'komwe, chifukwa pali malole amene amayenda shoko itachotsedwa kapena ikulendewera mbali imodzi. Aone ngati yanyowa ndi oyilo. Ayendetse dzanja pamwamba pa tayala kuti amve ngati latha mwa zigambazigamba. Aone ngati pali chitsulo cha sipuling'i chothyoka, chowotcherera, kapena chomangidwa ndi waya kapena mphira. Aime patsogolo pa lole ndi kuona ngati yapendekeka.

Akaona zotere, ali ndi chifukwa chokanira kapena chochepetsera katundu. Amalonda amene asonkherana kuhaya lole imodzi amakonda kudzaza mpaka pamwamba kuti mtengo wa thumba lililonse utsike, ndipo mwini lole amavomera ponena kuti adalimbitsa masipuling'i. Funso loyenera kumufunsa mwaulemu ndi lakuti, kodi bwana, mashoko nawo mudasintha? Yankho lake limaonetsa ngati galimotoyo ikusamalidwa. Maulendo awiri a matumba okwanira amadya mafuta ambiri, koma kutayako n'kochepa poyerekeza ndi ulendo umodzi wothera m'phompho pamodzi ndi mpamba wa chaka chonse.

Walira mvula walira matope. Mwini lole amene wasankha sipuling'i yolimba wasankhanso kugula mashoko oyenerana nayo, mabawuti atsopano, ndi kukayezetsa matayala. Ndalama zonsezi aziwerengere pamodzi asanauze makaniko kuti amasule nati yoyamba. Ngati thumba silikukwana zonse, kuli bwino kubwezeretsa sipuling'i ya muyezo wa fakitale ndi mashoko amoyo, n'kumanyamula matumba amene lole idapangidwira.